Masekondi Anayi a Mana

Achemwali anga alibe manda. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndikayamba ndi makina muyesa nkhani yake ndi ya makina.

Tinkawaitana kuti mana, mmene timaitanira mlongo wamkulu kwathu kuseri kwa malire, ku Mozambiki. Anamwalira panjira nthawi ya nkhondo ija, tikuthawira kuno ku Mwanza. Ine ndinali ndi zaka zisanu kaya zisanu ndi chimodzi, iwo anandiposa ndi zitatu. Anatsegula m'mimba masiku awiri, lachitatu basi. Akuluakulu anakumba ndi zikwanje pansi pa mtengo wina, n'kukwirira, ulendo n'kupitirira. Nkhondo itatha amalume anabwererako kawiri kukafuna mtengo uja. Anapeza anthu anaotcha makala dera lonselo, kwangotsala zitsa. Mpaka lero ndimawatchulabe mwaulemu, mana, ngakhale ana anga onse anawapitirira msinkhu kalekale.

Kumudzi kwathu kwa Nthache, kumene tinakhazikika titathawira kuno, kukatentha, mvula ili pafupi, anthu amapita kukalambula kumanda. Amayi amapita nawo, amakalambula pa bambo anga, amene anamwalira tili kale kuno. Koma akamaliza pamenepo khasu limakhala lidakali m'manja, pena polambula palibe. Ndiye sabata yotsatira amakwera kabaza kubwera kwa ine kumalire, kudzamva makina. Chaka chilichonse. Zakhala choncho zaka zoposa makumi awiri.

Makinawo anali a amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo anakhalitsa ku Joni, ndipo pobwera anabwera ndi zinthu zojambulira nyimbo, n'kutsegula kasitudiyo kuseri kwa golosale ina pafupi ndi pamene malole amaima podikira mapepala. Ankajambula makwaya a m'matchalitchi. Mwa zinthu zonsezo chimene ankachikonda ndi sampula. Ndi bokosi lachitsulo lotuwa, lophwatalala, lolemera ngati batire ya galimoto, lokhala ndi makutu awiri m'mbali omangira pashelefu yachitsulo ndi mabawuti. Kutsogolo kwake kuli kawindo kakang'ono kolemba zilembo zobiriwira, ndi kakamwa kolowetsapo disiki, madisiki akale amakona anayi aja. Ntchito yake ndi iyi: umaipatsa phokoso lililonse, kaya ng'oma, kaya mawu a munthu, imaligwira, ndiye iwe n'kumaliimba pa kiyibodi ngati limba. Koma m'mimba mwake ndi mochepa. Imagwira masekondi owerengeka basi. Amalume ankasunga masekondi mmene tinkasungira mchere kukampu ya othawa nkhondo.

Ine nthawi imeneyo ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Sukulu ndinalekera folo, ndinkapalasa kabaza ku Thambani. Koma tsiku limene amalume anaitanitsa amayi ndinalipo, chifukwa ndine ndinawakweza panjinga.

Amalume anati, "Mlongo, khalani pansi kaye. Ndapeza kaseti yakale m'katundu wanga, ija ndinajambula ana akusewera pakhomo nkhondo isanatipeze. Yadyeka yonse. Ndangopulumutsapo kachidutswa."

Amayi anati, "Kachidutswa ka chiyani?"

Amalume analowetsa disiki yokhala ndi mtanda wofiira, makina anakukuta pang'ono, kenako anadina batani limodzi pa kiyibodi, loti analipaka penti ya m'zikhadabo, yofiiranso. Munatuluka mawu a kamtsikana, akuimba kanyimbo ka m'Chinyungwe kamene ana ankaimba kwathu mitambo ikada. Tanthauzo lake ndi loti mvula iyo, anula ufa. Mzere umodzi wokha. Masekondi anayi. Chakumapeto kunkamveka kambalame, kaphokoso kakang'ono koti tswii, basi n'kuduka.

Amayi anatsika pampando n'kukhala pasimenti. Sanalire. Anangoti, "Dinanso." Amalume anadina. "Dinanso." Katatu. Ndiye chakhala chizolowezi chake mpaka pano, katatu, ndipo kachitatuko amayi amaimba nawo chapansipansi.

Disiki imeneyo inali ndi khalidwe lake. Madisiki ena onse, ukaika ng'oma, imalira pa mabatani onse, kumanzere yaikulu, kumanja yaing'ono. Koma iyi, batani lofiira lokha ndi limene linkayankha, ena onse zii. Ndinawafunsapo amalume chifukwa chake. Anati, "Iyi si yoseweretsa. Mwana wa eni sitimuyendetsa pa kiyibodi ngati ng'oma." Ndinaona kuti akunena zanzeru, ndinasiya.

Atayamba kudwala anandiitana n'kundiphunzitsa zinthu zinayi zokha: yatsa, lowetsa, dikira, dina. Zina zonse anati ndisakhudze. Atamwalira zipangizo zambiri zinapita ndi achibale, koma sampula ndi kiyibodi palibe anazifuna. Ine ndinatenga kachipinda kaja, ndinapeza laputopu yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuyamba kubena nyimbo m'mamemore ndi m'mafulashi, makamaka a madalaivala a malole. Ndi ntchito yanga mpaka lero. Sampula ili pakona, pashelefu yake, nditaifunditsa chitenje.

Chinthu chikamakalamba chimayamba ndi maso, ngati munthu. Kawindo kaja kanayamba kuzilala, mpaka kanada. Ndinkangoyendera kuloweza. Kenako disiki inayamba kuvuta. Uilowetse, ikukute, ikukute, n'kukana. Uitulutse, uiuzire mpweya, uilowetsenso. Chaka chatha inakana kasanu ndi kamodzi amayi ali pompo akundiyang'ana m'manja. Kachisanu ndi chiwiri inalola. Potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mtengo uja tinautaya. Ichi usataye." Mawu amenewo ndinagona nawo miyezi.

Amene anandipatsa nzeru ndi dalaivala wina, bambo wa msinkhu wangawu, amene amakonda kudzakhala pabenchi langa mapepala ake akachedwa. Tsiku lina anavundukula chitenje chija n'kuseka.

"Achimwene, ichi chikanakhala munthu bwenzi chikulandira penshoni. Chimayaka?"

"Chimayaka kuposa lole yanuyo," ndinatero. "Ija tinakukankhani mwezi watha."

"Ija inali batire, musanyoze. Koma zoona, mukudyetsabe madisiki? Ku Joni anthu anasiya. Amachotsa kakamwa aka n'kuikapo kena kolowa fulashi. Makina sadziwa n'komwe, amayesa akudyabe disiki."

Ndinamufotokozera za disiki ya mtanda wofiira. Sindikonda kuuza anthu, koma ndinamuuza. Anasiya kuseka. Ulendo wake wotsatira anandibweretsera zinthu zitatu: kakamwa katsopano ka fulashi, kabokosi kena kowerengera madisiki akale pa laputopu, ndi pulogalamu imene mnzake wina anamuikira, yotsegula zam'kati mwa sampula pa sikirini yaikulu. Tinamasula limodzi mabawuti masana ena, iye akugwira tochi ya foni, ine ndi sikuludiraiva. M'kati munali fumbi lofiira ndi mazira a buluzi awiri ouma. Atamaliza anati, "Zotsalazo ndi zanu, ine zamasikirini sindidziwa," mapepala ake anatuluka, anapita.

Ndinayamba ndi madisiki ena, a ng'oma ndi a malipenga, kuti ndiphunzire. Chizungu changa ndi cha pamsika, koma zithunzi ndimatha kuziona. Phokoso lililonse limaoneka pa sikirini ngati minga ya nsomba yogona chammbali, ponenepa pamene likukwera, powonda pamene likutha. Pali timizere tiwiri toimirira, kena kosonyeza poyambira, kena pothera, ndipo umatha kutikoka ndi mbewa ya kompyuta. M'munsi muli timabokosi ta manambala. Zinthu zimene amalume ankazifuna podina kakhumi pa kawindo kakang'ono kaja, apa zinali poyera zonse, ngati munthu wakhuthula thumba lake pamphasa. Ndinachita nazo chidwi, ndisaname. Ndinkadzimva ngati ndaphunzira.

Ndinaona kuti pali timabokosi tiwiri toyandikana timene pa madisiki onse timakhala ndi zilo. Ng'oma, zilo ndi zilo. Lipenga, zilo ndi zilo. Ndinazisunga m'mutu.

Linali Lachiwiri, cha m'ma leveni, kunja kukutentha koti malata ankalira okha. Ndinatseka chitseko kuti makasitomala asandisokoneze, n'kutenga disiki ya mtanda wofiira. Ndinapemphera kaye, pang'ono. Kabokosi kanakukuta nthawi yaitali, kuima, kukukutanso, kenako minga ya nsomba inatulukira pa sikirini. Ndinaikopera mu fulashi ya sampula nthawi yomweyo. Ndinadina. Mana anaimba. Mvula iyo, anula ufa, tswii. Ndinapuma mpweya umene ndinaugwira chaka chathunthu.

Pamenepo ndikanatseka laputopu, bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma maso anga anagwera pa timabokosi tiwiri tija. Sitinali pa zilo. Koyamba kanali ndi faifi, mtanda wophatikiza kutsogolo kwake. Kachiwiri kanali ndi manambala awiri, sindinawayang'anitsitse. Ndinaganiza kuti disiki ija poti yakhala ikudwala, yalemba zinyalala mmenemo. Ndinati ndikonze, amayi adzamve zoyera. Mtima wanga unali umenewo, palibe china. Panali kabatani kobwezera zonse pachiyambi, ndinali nditakagwiritsapo ntchito pa ng'oma. Ndinakadina. Zilo ndi zilo. Ndinasevanso, mmene ndimachitira ndi chilichonse, chifukwa laputopu yanga batire inafa, magetsi akangothima nayonso imathima.

Ndiye ndinadina kuti ndimve.

Woimbayo anali amayi.

Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Nyimbo yomweyo, mzere womwewo, kungoti pang'onopang'ono, ndipo mawu atatsika. Mawu a mzimayi wamkulu. Osati amayi a lero okalambawa, ayi, amayi a nthawi ija ndinkawakweza panjinga, koma ndi iwo. Pali kamalo kamene mawu awo amagwedera akamakwera, ndimakadziwa kuyambira ndili kumsana. Kanali pomwepo. Ndinadzuka pampando n'kukaima kukhoma. Ndikukumbuka kuti ndinayang'ana kuchitseko, ngati alowa.

Ndinabwerera. Ndinadinanso. Kambalame kaja sikanalinso kambalame. Kanali mabuleki a lole, mpweya uja umatuluka likaima, tsss. Phokoso limene ndimalimva tsiku lonse kunja kwa windo langali. Kumudzi kwathu kuseri kwa malire kunalibe msewu woti lole n'kudutsa.

Ndinaona kuti minga ya nsomba ikupitirira pang'ono kunja kwa timizere tiwiri tija, kumanzere ndi kumanja, mbali imene amalume anaibisa koma osaidula. Ndinakoka kamzere koyamba. Munamveka madzi akukhavukira m'beseni, ndi kutsokomola kamodzi. Amayi akuchapa. Nthawi ija akabwera kumalire ankawachapira amalume zovala kuseri kwa kachipinda kano, pansi pa windo lomweli. Ndiye kuti munthu uja anangotulutsa maiki pawindo, mlongo wake akuimba yekha osadziwa, n'kugwira masekondi anayi, n'kuwakweza masitepe asanu, faifi uja, kuti amveke ngati mwana. N'kutseka mabatani ena onse, kuti wina asadzadine kumanzere n'kumva zoona zake. N'kupaka penti.

Kaseti ija kunalibe. Kapena inalipo koma inadyeka yonse, kaya. Woti ndimufunse ali kumanda, ndipo manda akewo amayi amalambulanso.

Ndili chikhalire choncho, magetsi anathima. Sikirini inada.

Atayaka chakumadzulo, ndinatsegula. Zilo ndi zilo, mmene ndinasevera. Ndinati palibe vuto, nditenganso pa disiki. Ndinailowetsa. Inakukuta kawiri, kenako inangoti kwee, ngati chinthu chikukanda. Ndinayesa m'kabokosi, ndinabwezeretsa kakamwa kakale pa sampula n'kuyesa mmenemo, ndinauzira, ndinaiika pamthunzi, ndinaiika m'thumba la malaya kuti ifunde. Sinalolenso. Ulendo uja inalola unali womaliza. Amayi anali oti abwera pakatha masiku khumi.

Faifi ndinkamukumbuka. Koma kabokosi kachiwiri ndi ka timasitepe ting'onoting'ono ta pakati, kamayenda kuchoka pa fifite wotsika mpaka fifite wokwera. Amalume anaikamo nambala yawo, ndiye kuti anakhala pansi n'kumasuntha, kumvera, kusuntha, mpaka anapeza pamene khutu lawo linati apa ndi pamene mwana uja ankaimbira. Iwo ankamukumbuka. Ine nambalayo ndinaiona ndi maso angawa, sekondi imodzi, n'kuifufuta. Inali ndi fili? Inali ndi seveni? Ndikatseka maso ndimaona manambala onse.

Ndinawauza akazi anga tikuchokera kutchalitchi Lamulungu, panjira, kuti asandione kumaso.

Iwo anati, "Ndiye mukufuna mukawauze?"

"Sindikudziwa. Ndi bodza, mayi. Zaka zonsezi akhala akudzimvera okha."

"Bodza lake lawapha?"

"Ayi."

"Nanga choonadi chanucho chiwapatsa chiyani? Muwapatsa mtengo uja?"

Ndinati, "Bwerani mudzandithandize kumvera, mwina inu mukukumbuka pamene zinkamvekera."

Anati, "Ine ndinamvapo kawiri kokha, ndipo kawiri konseko ndinkayang'ana apongozi, osati makina. Munaphwanya nokha, bambo, muumbe nokha."

Sanalankhule mokalipa. Ndi mmene amalankhulira.

Masiku otsalawo ntchito ndinkagwira theka. Munthu akabwera ndi memore ndimubenere msangamsanga, atuluke, ndibwerere. Ndinabweza timizere tija pamalo pake kuti madzi ndi chifuwa zibisike. Ndinaika faifi. Kenako kabokosi kachiwiri: teni, kumvera. Twente, kumvera. Kutsika, kumvera. Ndinkalemba pa katoni amene ndayesa. Koma khutu limatopa ngati mwendo. Pofika tsiku lachitatu zonse zinkamveka chimodzimodzi, ndipo choipa kwambiri n'choti paliponse pamene ndaika ndinkamva amayi. Ndikweze bwanji, ndinkamva amayi atavala mawu a mwana. Khutu likadziwa chinthu silibwerera m'mbuyo.

Pamenepo ndi pamene china chinandipeza, chimene sindinawauze ngakhale akazi anga. Ndinati ndisiye makina, ndingokumbuka ndekha mmene mana ankalankhulira, ndiyerekeze ndi zimenezo. Ndinakhala pabenchi panja masana, malole akudutsa, n'kumafufuza m'mutu. Ndinapeza msana wawo, chifukwa ankandibereka. Ndinapeza chipsera cha moto pamkono. Ndinapeza tsiku lina akunditsuka kumaso mokalipa. Koma pakamwa pawo pakatseguka, m'mutu mwangamo, mumatuluka masekondi anayi aja. Palibe mawu ena. Ndiye kuti mawu enieni ndinawataya kalekale, mwina ndisanafike n'komwe zaka khumi, ndipo amalume anadzaika awa pamalo pake ine osazindikira. Ndinkayesa makinawa ndikusungira amayi. Ndinkadzisungiranso ndekha.

Ndinawakwiyira amalume masiku awiri. Tsiku lachitatu mkwiyo unatha wokha, chifukwa ndinapezeka ndikuchita ntchito yomweyo imene iwo anachita, pampando womwewo, kusuntha nambala kuti mlongo wawo akhale ndi poti n'kupita.

Ndinasankha nambala ina. Sindinganene kuti ndinaipeza. Ndinangotopa n'kuima pamenepo.

Amayi anafika Lachisanu m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Wakabaza anawatsitsa pakhomo, ine n'kuwagwira mkono, poti maso awo masiku ano ndi a chifunga. Analowa, anavundukula chitenje pa sampula, n'kuyamba kuipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, pamwamba, m'makutu, kuzungulira mabawuti. Amatero chaka chilichonse asanakhale pansi. Ine sindiipukuta dala sabata imeneyo, kuti apeze fumbi.

Anakhala pasimenti. Mpando amaukana.

Ndinayatsa. Kakamwa katsopano sikachita phokoso, kamangophethira kagetsi.

"Lero sikukukuta mano?" anafunsa.

"Ndinaikonzetsa, amayi. Disiki ija inatopa, ndasamutsira pena."

"Wamusamutsa."

"Eya."

"Osandiuza."

"Ndinaopa kuti mudandaula."

Anangoti, "Hm. Dina."

Ndinadina batani lofiira. Mvula iyo, anula ufa, tswii. Ndinkayang'ana kukhoma.

"Dinanso."

Ndinadina. Anapendeketsa mutu, khutu labwino kuloza ku sipika.

"Dinanso."

Kachitatu anaimba nawo, monga mwa nthawi zonse. Zaka zonsezi amayamba limodzi n'kuthera limodzi, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Ulendo uno amayi anafika kumapeto, mawu a m'makina n'kutsalira pang'ono, kachidutswa kochepa ngati kuphethira. Ine ndinakamva. Iwonso anakamva. Ndinadziwa kuti nambala yanga yatsika, ya amalume inali pamwamba.

Kunja lole ina inaima n'kutulutsa mpweya, tsss, ndinati basi azindikira. Mawu ndinali nditawakonza kale pakamwa. Ndinati akangofunsa kuti wachita chiyani, ndinena zonse, za beseni, za windo, za faifi.

Anati, "Wachedwa pang'ono."

"Eya, amayi."

"Ndipo mawu akhuthala." Anapukuta m'maso ndi chala chimodzi. "Akumveka ngati wakula."

Ndinangoyang'ana batani lofiira.

"Anthu ankanena kuti anatengera ine," anatero. "Ine ndinkakana, ndinkati uyu ndi wa kwa bambo ake. Koma lero ndamva. Akanakula akanamaimba ngati ine." Anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno. "Tsoka lake."

Ndinati, "Anatengera inu, amayi." Mawu okhawo ndi amene ndinatha kunena, ndipo mwa onse amene ndinanena tsiku limenelo, ndi okhawo amene sanali bodza kwenikweni.

"Dinanso," anatero.

"Kachinayi?"

"Ukulipira ndiwe? Dina."

Ndinadina. Ulendo uno anamudikira. Anachedwetsa mawu awo pang'ono, anathera limodzi.

Pochoka anafunditsa okha chitenje pa sampula, n'kusalaza makwinya ndi dzanja. Pakhomo anati, "Kumene wamusamutsirako kulibe chinyontho?" Ndinati kulibe. Anati chabwino, n'kukwera kabaza, atagwira chishalo ndi manja onse awiri.

Nambala ija ndinaikanda ndi msomali pachitsulo cha sampula, kumbuyo, ndipo ndakopera masekondi anayiwo m'mafulashi atatu, ina ili kunyumba m'chitini. Sindidzaisunthanso. Ndimadziuza choncho. Koma pali ganizo lina limene limandibwerera ndikamapalasa njinga popita kunyumba, loti nditati ndizitsitsa pang'ono chaka chilichonse, pang'ono pokha, mana azikula, amayi azimva akukula, ndipo tsiku lina nambala idzafika pa zilo, awiriwo adzakumana. Ndimachita nalo mantha ganizo limenelo. Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena ndi matenda omwe aja a amalume.

Ndipo pali china chimene ndimachita, choti sindinauze munthu. Masana ena kukakhala kopanda makasitomala, ndimatseka chitseko, ndimatsegula kope ina imene ndinasunga payokha, ya zilo ndi zilo, timizere nditatikokera kunja. Madzi amakhavuka m'beseni, munthu amatsokomola kamodzi, n'kuyamba kuimba. Amayi ali moyo, ali kwa Nthache, nditafuna ndikhoza kupalasa njinga n'kukawapeza akusankha nandolo pakhonde dzuwa lisanalowe. Koma ndimakhala pompo, kumvera mzimayi akuchapa kuseri kwa windo langa, ndipo kawiri konse ndadzukapo kukasuzumira.